M'mwamba mulibe pokankhira

Lachiwiri m'mawa minibasi yathu inazima pafupi ndi Kafue Roundabout. Kondakita anamanga paipi ndi waya, ife tinakankha, ulendo n'kupitiriza. Ndinali kupita kukaona ba mdala ena ku Chilenje amene akupanga mapiko a ndeke kuseri kwa nyumba yawo.

Ndinaganiza kuti ndikapeza zitsulo za pa sikirapu. Ayi ndithu. Ndinapeza tebulo lalitali, losapendeka olo pang'ono, ndi mapulani a Zenith CH 701, kandeke ka anthu awiri kamene Chris Heintz anatulutsa mu 1986.

Ba mdala anandionetsa mkati mwa phiko. Muli msana, umene amati spar, wonyamula kulemera kwa ndeke yonse. Pamsanapo amangapo nthiti zopatsa phiko maonekedwe ake, kenako akuvundikira ndi aluminiyamu yopyapyala, yosafika theka la milimita. Zonse zigwirana ndi marivete ambirimbiri. Bowo lililonse akabowola alisalaza, chifukwa kachitsulo kotsala m'mphepete kangayambitse mng'alu.

Ndinafunsa chifukwa chake nthiti imodzi inali m'bini. Anati bowo linaphonya malo, ndipo analola kutaya ndalama n'kupanga ina. Phiko likapotoka, ndeke imakokera mbali imodzi. Komanso Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndiye mphepo ya kuno ni yopepuka, makamaka mu Okutobala kukatentha. Ndeke imafuna kuthamanga mtunda wautali isananyamuke.

Anansi amawaseka. Ena awatcha Nkoloso, pokumbukira Edward Mukuka Nkoloso amene mu 1964 anafuna kutumiza a Zambia ku mwezi. Ba mdala sakwiya. Chimene chiwasowetsa tulo ni a Civil Aviation Authority, chifukwa ndeke siingauluke asanaiyendere n'kuivomereza. Ndalama za penshoni zalowa kale m'mapiko amenewa, ndipo injini ikalibe kugulidwa.

Pobwerera ndinakwera minibasi ina. Chitseko chinali chomanga ndi nthambo, ndipo kondakita anali kuchigwira ndi dzanja ulendo wonse. Tonse tinali zii, monga mwa masiku onse. Ine ndinali kuganiza za nthiti ija ya m'bini. Manje imwe okwera anzanga, tinayamba liti kuvomera kuti moyo wathu uzimangidwa ndi waya?