Marimu akuluakulu ndi misewu ya Lusaka

Munthu amene akumanga galimoto yakeyake pakhomo, kuwotcherera chesisi ndi kuikamo injini ya Toyota, kapena amene akukonzanso Altezza kapena Mark X yochokera ku Japan, amafika pa nkhani ya mawilo yankho ali nalo kale m'mutu: rimu yonyezimira ya mainchesi 18 ndi tayala lopyapyala. Kwa ine, mu Lusaka kusankha kotere n'kuyambira kumchira. Poyambira ndi kulemera kwa galimoto ndi misewu imene idzayendamo, kenako msinkhu wa tayala lonse. Rimu ibwere pomaliza, ndipo ikhale yaing'ono kwambiri mwa onse amene angalowe osakhudza mabuleki.

Manambala a pambali pa tayala amafotokoza chifukwa chake. Pa 195/65 R15, 195 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Nambala 65 ikunena kuti khoma la m'mbali ndi 65 peresenti ya m'lifupimo, pafupifupi mamilimita 127, ndipo 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Tayala lonselo likaima limafika mamilimita 635. Tsopano tengani 225/40 R18. Msinkhu wake ndi 637, kotero galimoto siikwera ngakhale pang'ono, koma khoma latsika kufika pa 90. Mamilimita 37 amene apitawo anali mphira ndi mpweya, zimene zimayamba kulandira dzenje chitsulo chisanalilawe. Khoma likachepa, tayala limapanikizika pakati pa rimu ndi mlomo wa dzenje, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo pambali pamatuluka chotupa. Chotupa chimenecho palibe wa matayala amene angachimate. Rimu yachitsulo ikapindika makanika amaiwongola ndi hamala, pamene ya aluminiyamu kawirikawiri imang'aluka.

Wina anganene kuti Lusaka wa lero si wakale, ndipo sakunama. Ntchito ya L400 imene inayamba mu 2013 inaika phula m'misewu yambiri ya m'makomboni, ndipo milatho ya pa Arcades, Munali ndi Longacres inasintha ulendo wa ku Chelstone ndi ku Kabulonga. Koma galimoto siigona pa Great East Road. Imakhotera m'tinjira ta ku Kabwata, imakwera mahampu a ku Woodlands, imatsika m'mphepete mwa phula lodyeka popatsa mpata minibasi. Mzindawu ndi wathyathyathya, madzi sachoka msanga, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi dzenje limabisala pansi pa chithaphwi. Dzenje limodzi losaoneka ndi lokwanira kutha tayala ndi rimu yomwe.

Otsutsa ali ndi mfundo ina yolimba kuposa imeneyi: khoma lalifupi silipindika kwambiri pakona, choncho galimoto imamvera chiwongolero msanga. N'zoona pa phula losalala. Koma rimu yaikulu nthawi zambiri imalemeranso, ndipo kulemera kumeneko kuli kunsi kwa masipuling'i, kumene mashoka amayenera kukugwira nthawi iliyonse wilo likadumpha. Galimoto ikakhala yopepuka, vutoli limakula, chifukwa thupi lake silitha kukanikiza wilo lolemera kuti libwerere pansi msanga, ndipo tayala limene lili m'malere silikhota kapena kuima. Odziwa kumanga magalimoto otere anaona zimenezi kalekale. Lotus Seven ya Colin Chapman inatuluka mu 1957, ndipo kampani ya Caterham, imene inagula ufulu woipanga mu 1973, ikugulitsabe mitundu ina yolemera makilogalamu 500 ndi pang'ono pa marimu a mainchesi 13. Ngakhale magalimoto a Formula One anathamanga pa mainchesi 13 mpaka 2021. Tayala lotambalala pa galimoto yopepuka lilinso ndi ngozi yake m'dzinja: limayandama msanga pamwamba pa madzi. Chifukwa chimodzi chokha chokulitsira rimu chimene ndimachivomereza ndi mabuleki akuluakulu, ngati injini yaikidwayo ikuwafunadi.

Kukula kukadziwika, patsala kuti wilo likhale bwino pa habu. Ma Corolla ambiri akale ali ndi mabawuti 4 pa mzere wozungulira wa mamilimita 100, pamene Altezza ndi Mark X ali ndi 5 pa 114.3. Nambala ya ET yodindidwa kuseri kwa rimu imanena ngati wilo lilowa m'kati kapena lituluka kunja. Likatuluka kwambiri limakhula madigadi ndi kudya mabering'i, likalowa limakhudza shoka. Msinkhu wa tayala usasiyane kupitirira 3 peresenti ndi umene giyabokosi ndi spidomita zinapangidwira, apo ayi singano idzanama, ndipo tayala lalitali limachititsa kuti isonyeze liwiro lochepa kuposa lenileni. Tayala lokhula thupi la galimoto ndi chinthunso chimene palibe angafune kupita nacho kokayezetsa ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu.

Chimene omanga ambiri amaiwala ndi tsiku limene tayala lidzaphulike. Matayala a mainchesi 14 ndi 15 ali paliponse m'tauni, atsopano ndi akaunjika omwe, ndipo ukaphulitsa ku Nyimba pa ulendo wa ku Chipata mwayi wolipeza ulipo. La 225/40 R18 n'lodula ndiponso losowa kunja kwa mzinda, ndipo mtengowo ndi umene umakankhira anthu ku matayala akale. Wogula akaunjika awerenge manambala anayi omaliza pa chidindo cha DOT: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Aonenso mphamvu yake, pakuti tayala lolembedwa 91H limanyamula makilogalamu 615 mpaka liwiro la makilomita 210 pa ola. Ndipo akaona mawu akuti studless alisiye, chifukwa limenelo linapangidwira chipale chofewa cha ku Japan, ndipo mphira wake wofewa sugwira bwino ndipo umatha msanga pa phula lotentha la Okutobala.