Chingerezi cha pa Ntchito: Dzina Lotsatidwa ndi Mneni m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Munthu woyenda pa mseu wochoka ku Limbe kupita ku Thyolo amayamba kuona minda ya tiyi asanafike n'komwe pa boma. Minda imeneyi ndi yakale. Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo pambuyo pake mbewuyi inafika ku Thyolo, dera limene Azungu ankalilemba kuti Cholo. Esiteti ya Satemwa inayambidwa ndi Maclean Kay m'chaka cha 1923, ndipo maina monga Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa ngodziwika kwa aliyense wokulira kumeneko.

M'mizere ya tiyi anthu amacheza m'Chicheŵa, m'Chimang'anja ndi m'Chilomwe. Koma wantchito akangoponda pa khomo la ofesi, chilankhulo chimasintha. Ngakhale Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, makalata a ntchito, zidziwitso zokhomedwa pa fakitale ndi malamulo a boma zimalembedwa kwambiri m'Chingerezi. M'zolembedwa zimenezi muli kamangidwe kena ka mawu kamene kamabwera kawirikawiri: dzina, kenaka "to", kenaka mneni. Zitsanzo zake ndi "permission to go", "time to rest", "water to drink" ndi "failure to report".

Ophunzira ambiri amakaopa kamangidwe kameneka, pamene Chicheŵa chili nako kale. Mawu oti "nthawi yopuma" anachokera ku "nthawi ya kupuma". Kamawu koti "ya" kanakumana ndi "ku" wa mneni, ndipo ziwirizi zinasanduka "yo". Momwemonso "chilolezo cha kupita" chinasanduka "chilolezo chopita", ndipo "malo a kugona" anasanduka "malo ogona". Aneni afupiafupi monga kudya ndi kumwa ndiwo anakana kufupikitsidwa, n'chifukwa chake anthu amati "chakudya" ndi "madzi akumwa". Munthu amene wanena kuti "chakudya" wanena chimodzimodzi ndi Mngerezi wonena kuti "something to eat". Mneni woyamba ndi "ku" m'Chicheŵa ndiye mbale wake wa mneni woyamba ndi "to" m'Chingerezi.

Pamenepa ndi pamenenso pali msampha. Kusukulu mwana amaphunzira msanga kuti "cha", "ya" ndi "wa" ndi "of", monga m'mawu oti "kapu ya tiyi". Tsono akakula n'kufuna kupempha tchuthi, m'mutu mwake mumamveka "chilolezo cha kupita", ndipo amalemba kuti "permission of going". Kalaliki adzamva ndithu chimene chikupemphedwa, koma mawuwo ngopotoka. Mawu oyenera ndi "permission to go". Wolakwa motere sanalakwe chifukwa cha umbuli. Watsata bwino lomwe malamulo a chilankhulo chake, n'kuwasenzetsa chilankhulo cha eni.

Maina ambiri otenga "to" anabadwa kuchokera kwa aneni amene amatenganso "to". Popeza Angerezi amati "they decided to close the factory", amatinso "the decision to close the factory". Popeza amati "he promised to pay", amatinso "his promise to pay". Maina a "agreement", "attempt", "refusal", "plan" ndi "wish" amayenda m'njira yomweyo. Wodziwa mneniyo wadziwa kale dzinalo. Chovuta n'chakuti si dzina lililonse limene limalola. Chizolowezi chofika mochedwa ndi "the habit of coming late", ndipo ngozi yotaya ntchito ndi "the danger of losing a job". Maina amenewa amafuna "of" ndi mneni wothera ndi "ing". Ena, monga "way" ndi "chance", amalandira zonse ziwiri. Palibe lamulo limodzi lowasiyanitsa bwinobwino, ndipo mphunzitsi amene angalonjeze lamulo lotero akunamiza ana. Dzina lililonse liyenera kuphunziridwa pamodzi ndi kamawu kolitsatira, monga momwe mlendo wophunzira Chicheŵa amaphunzirira kuti tiyi ndi "wotentha" pamene phala ndi "lotentha".

Gulu lina ndi la zinthu zogwiritsa ntchito. Pa gulu limeneli Chicheŵa n'chaluso kwambiri, chifukwa chimaika tanthauzo lonse m'kati mwa mneni. Khasu ndi lolimira, dengu ndi loikamo masamba, mphasa ndi yokhalapo, ndipo bwenzi ndi munthu wocheza naye. Timawu ta "ira", "mo", "po" ndi "naye" timasonyeza mgwirizano wa chinthucho ndi ntchitoyo. Chingerezi chimachita zomwezo poika mperekezi kumapeto kwenikweni: "a hoe to dig with", "a basket to put the leaves in", "a mat to sit on", "someone to talk to". Ophunzira amakonda kusiya kamawu kotsirizako poganiza kuti kangolendewera. Koma "a pen to write" ndi mawu osatha, ofanana ndi kunena kuti "cholemba" pamene munthu akufuna "cholembera". Cholembera ndi "a pen to write with". Dzina la "place" limakhululuka, pakuti "a place to sleep" ndi Chingerezi chabwino.

Omvera asaganize kuti paliponse pamene Chicheŵa chili ndi "wo" kapena "yo" ndiye kuti Chingerezi chiika "to". Munthu wodwala ndi "a sick person", ndipo tiyi wothyoledwa ndi "plucked tea". Mneni wa "to" kawirikawiri amayang'ana kutsogolo, ku ntchito imene sinachitike. Njira yoyesera ndi kulowetsapo mawu oti "woti" kapena "yoti". Nthawi yopuma ndi nthawi yoti anthu apume, choncho "time to rest" n'zoona. Kapitawo amene akusowa munthu woti ayeze masamba pa sikelo adzati "I need a clerk to weigh the leaf". Koma munthu wodwala si munthu woti adwale, ndipo pamenepo "to" alibe malo.

Mvula ikagwa, kuyambira mu Disembala kufika cha mu Epulo, tiyi amaphuka msanga ndipo pamakhala "plenty of leaf to pluck". M'nyengo yozizira masamba amachepa, aganyu ambiri amabwerera kumudzi, ndipo mawu omveka ndi akuti "there is no work to do". Mawu a Chicheŵa oti "palibe chochita" ali ndi matanthauzo awiri amene Chingerezi chimawapatula. Munthu akangokhala chifukwa ntchito yatha, amati "there is nothing to do". Koma zinthu zikaonongeka kotero kuti palibe angazikonze, monga matalala akaswa masamba m'munda, amati "there is nothing to be done".

Zonsezi zingaoneke ngati nkhani ya mayeso basi, ngakhale mayesowo si chinthu chochepa, pakuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Koma ku esiteti nkhani imeneyi imakhudza mphika wa pa moto. Mwachitsanzo, mayi wothyola tiyi wajomba masiku awiri chifukwa mtsinje unadzaza, ndipo pobwera wapatsidwa kalata yochenjeza kuti asaine. Kalatayo ingakhale ndi amodzi mwa mawu atatu awa: "inability to report for duty", "failure to report for duty", kapena "refusal to report for duty". Mchira wa mawuwo ndi umodzi, koma dzina loyambalo ndilo lasenza mlandu wonse. "Inability" ndiye kuti sakanatha kubwera. "Refusal" ndiye kuti anakana dala, ndipo kukana ntchito ndi mlandu waukulu umene ungamuchotsetse. Lonyenga ndi lapakatilo. Ambiri amamasulira "failure" kuti kulephera, ndipo m'Chicheŵa wolephera ndi munthu amene anayesetsa koma zinamukanika, munthu woyenera chisoni. M'Chingerezi cha mu ofesi "failure to report" amangotanthauza kuti sanabwere. Za mtsinje mulibemo. Mayiyo akasaina poganiza kuti kalatayo yamumvetsa, wavomera kujomba popanda chifukwa chake kulembedwa. Womuwerengera kalatayo, kaya ndi mwana wake wa ku sekondale kaya ndi nthumwi ya bungwe la antchito, ayenera kuyang'anitsitsa dzina limene laima patsogolo pa "to".

Malamulo oteteza wantchito analembedwanso m'kamangidwe komweka. Lamulo la ntchito la Employment Act la m'chaka cha 2000, pa ndime 57, limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe lake kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe "an opportunity to defend himself", ndiko kuti mpata woti adziteteze pa zimene akumunenera. Malamulo aakulu a dziko la Malaŵi a m'chaka cha 1994, pa ndime 31, amatchula "the right to withdraw labour", umene uli ufulu wonyanyala ntchito. Wantchito ayenera kusiyanitsa "right" ndi "permission". Chilolezo amapereka ndi bwana, ndipo angathe kuchimana. Ufulu umachokera m'lamulo, ndipo bwana ntchito yake ndi kuulemekeza.

Patsala timfundo tiwiri tating'ono. Pofuna kutchula amene achite ntchitoyo, Chingerezi chimalowetsa "for" pakati: nthawi yoti othyola tiyi apume ndi "time for the pluckers to rest". Pokana, "not" amaima patsogolo pa "to": lamulo loti asathyole masamba okhwima ndi "an order not to pluck old leaves".

Kalata yopempha tchuthi siyenera kutalika. Ingathe kulembedwa motere: "Dear Sir, I am asking for permission to go to Luchenza on Friday. My mother is ill and there is nobody to take her to Malamulo Hospital. I shall report for duty on Monday." M'kalata imeneyi "to" waoneka kanayi, koma ntchito zake ndi ziwiri. Mu "permission to go" ndi mu "nobody to take her" watsatidwa ndi mneni, ndipo akufanana ndi "cho" wa "chilolezo chopita" ndi "wo" wa "palibe womutengera". Mu "to Luchenza" ndi mu "to Malamulo Hospital" watsatidwa ndi dzina la malo, ndipo ndi "ku" wa ulendo. Chicheŵa nachonso chili ndi "ku" wa mitundu iwiri yomweyi, monga m'mawu oti "kupita ku Luchenza", m'mene woyamba ndi wa mneni ndipo wachiwiri ndi wa malo.