Injini ya Galimoto ndi Mpweya Wozizira

Nkhani yathu lero ndi ya mpweya umene injini imapuma.

Mu mzinda wa Livingstone, pafupi ndi Mukuni Park pamene pali msika wa zosemasema, mumapita mseu wa Mosi-oa-Tunya. Mumseumo mumayenda matekisi onyamula alendo kunka ku mathithi a Victoria Falls, ulendo wa makilomita ngati 10. Magalimoto ambiri otere ngocokera ku Japan, ogulidwa atayendapo kale, ndipo eni ake ena amafuna kuwaonjezera mphamvu. Njira imodzi imene anyamata amaikonda ndiyo kucotsa bokosi la sefa limene galimoto inadza nalo, ndi kuikapo paipi yaikulu yokhala ndi sefa yoboola ngati kang'oma. Dzina lake m'Cingerezi ndi cold air intake, ndiko kuti njira yolowera mpweya wozizira. Kodi ncinthu cothandiza? Tiyeni tiweruze mofatsa.

Poyamba timvetse nchito ya mpweya. Mai aliyense wouzira moto pamafuwa adziwa kuti nkhuni siziyaka popanda mpweya. Comweconso petulo sayaka yekha m'injini. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pafunika mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 15. Tsono mpweya ukatentha umapepuka, ukazizira umalemera, ndipo injini imaumeza woculuka. Ukazizirako ndi madigiri 3, kulemera kwake kumaonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 100. Ncifukwa cake galimoto imakoka bwino m'mamawa mwezi wa June koposa masana mwezi wa October, pamene kutentha ku Livingstone kumafika madigiri 35.

Ubwino wa paipiyo ndi uwu. Ikaikidwa bwino, khomo lake limakhala kutali ndi kutentha kwa injini, ndipo mpweya umalowa wozizirako ndi wosapingika. Mphamvu imaonjezeka pang'ono, makamaka injini ikamathamanga kwambiri. Sefa yake njansalu. Ikada imacapidwa ndi kubwezedwa, osati kutayidwa. Injininso imabangula, ndipo anyamata amakondwera nako kubangulako.

Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Nyerere yoyamba ndi yakuti phindulo nlaling'ono. Opanga magalimoto a makono anaika kale khomo la mpweya kutsogolo kumene kuli mphepo, kotero kuti munthu woyenda pang'onopang'ono m'mzinda sangamve kusiyana. Phokoso si mphamvu ai. Ena amaika sefayo pambali peni-peni pa injini, pansi pa boneti, ndipo imakoka mpweya wotentha koposa kale.

Yaciwiri ndi fumbi. Nthaka ya ku Livingstone njamcenga, ndipo kuyambira May kufikira October mvula imasowa. Sefa yansalu imapititsa mpweya wambiri cifukwa maso ake ngakuluko, koma m'masomo mumapitanso fumbi losalala limene sefa yapepala ikadaligwira. Fumbi limenelo limadya masilinda ndi maringi monga mwala umadyera nkhwangwa poinola. Pakapita nthawi injini imayamba kumwa oilo ndi kufuka utsi. Ndiponso sefa yansalu imadzozedwa mafuta kuti igwire fumbi. Mafutawo akaculuka amadetsa kacipangizo koyesa mpweya wolowa, ndipo injini imayamba kutsamwa ndi kudya petulo mosayenera.

Yacitatu, yoopsa koposa zonse, ndi madzi. Kuti ipeze mpweya wozizira, paipiyo kawirikawiri imatsitsidwa pansi kuseri kwa bampala. M'dzinja, kuyambira November kufikira March, mvula ikagwa yamphamvu madzi amadikha m'miseu, ndipo galimoto ikalowamo injini ingathe kuwamwa. Mpweya umalola kupanikizidwa, koma madzi salola. Pisitoni ikagunda madzi, citsulo coigwira cimapindika kapena kuthyoka, ndipo injini imafa pomwepo. Munthu amene anafuna kuonjezera mphamvu pang'ono amatsala ndi ngongole ya injini yonse.

Taonani magalimoto onyamula alendo kukaona nyama ku Mosi-oa-Tunya National Park, monga a mtundu wa Land Cruiser. Ambiri ali ndi paipi yokwera m'mbali kufikira pafupi ndi denga. Eni ake anakweza khomo la mpweya, sanalitsitse ai, kuti litalikirane ndi madzi ndi fumbi la mawilo. Imeneyo ndiyo nzeru yoyenera dziko lotere.

Tsono mau anga kwa inu ndi awa: injini isowa mpweya woyera koposa wozizira. Inu amene galimoto ndiyo munda wanu wodyetsa ana, lekani bokosi la sefa likhale monga linadzera. M'cilimwe yang'anani sefa kawirikawiri, ndipo ikada gulani yatsopano. Onaninso kuti paipi yocokera kusefa kunka kuinjini ilibe mng'alu, ndi kuti zomangira zake nzolimba, pakuti mng'alu waung'ono ulowetsa fumbi losasefedwa. Ndipo inu amene mtima wanu uli pa paipi yatsopanoyo, yambani mwafunsa makaniko wodziwa nchito yake, ndi kumuuza njira zimene mumayendamo, pakuti safunsa anadya phula.

Tsalani bwino, muyende ndi mtendere.