Mafuta a m'Bondo ndi Nyamakazi

M'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi, amayi achikulire ambiri amakwera chitunda bwinobwino, koma potsika atasenza nkhuni kapena chidebe cha madzi, bondo limalasa ngati mwaloŵa munga. Ambiri amangoti ndi ukalamba. Kaŵirikaŵiri imeneyi ndi nyamakazi ya kutha kwa mfundo za mafupa.

Kale madokotala ankayang'ana mafupa okha. Koma pansi pa kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo pali kamtolo ka mafuta, kamene dokotala wa ku Germany, Albert Hoffa, anafotokoza za matenda ake mu 1904. Anthu ankayesa kuti ndi nkhata chabe yotchinjiriza mafupa. Tsopano kwadziŵika kuti mafutaŵa ali ndi mitsempha yambiri yomvera ululu, ndiponso akatupa amatulutsa zinthu zimene zimawonjezera kutupa m'bondo monse.

Pa chithunzi cha X-ray mafutaŵa saoneka bwino. Makina a MRI ndiwo amaonetsa kusintha kwake, nthaŵi zina mafupa asanayambe kuwonongeka. Tsoka lake makinaŵa ali kutali ndi midzi ya kumapiri. Ofufuza akuyesanso maselo a m'mafutaŵa ngati angathandize kukonza bondo, koma chithandizo chimenechi sichinakhazikike.

Chimene chilipo lero ndi ichi: kuchepetsa katundu wosenza, kutsika ndi ndodo, kulimbitsa minofu ya ntchafu, ndi kuchepetsa thupi kwa onenepa. Bondo likatupa kapena kutentha, wodwala apite msanga ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, asayambe wathamangira kukatemera mphini.