Thandala, Kaliyala ndi Benchi

Alimi ambiri a m'boma la Mecanhelas amalima bwino, koma phindu limathera pa njira. Taonani dengu la matimati likafika pa msika wa ku Insaca. Apamwamba ali bwinobwino. Apansi aphwanyika, madzi ali chuchuchu. Wogula sangalipire phala la matimati.

Vuto ndi dengu lalitali. Matimati apansi amasenza anzao onse, ndipo njinga ikagwa m'dzenje amatswanyika. Konzani kaliyala wanu. Mangani nsungwi ziwiri mopingasa ndi malegeni, ndipo pamwamba pake muike mabokosi awiri osazama. Bokosi lapamwamba likhale pa milomo ya lapansi, lisakhudze matimati ai. Pansi yalani udzu wouma. M'mbali siyani mipata yopita mphepo. Mulu usapitirire mizere itatu kapena inayi. Thyolani matimati ongoyamba kupsa, m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Ku Entre Lagos kumadutsa njanji imene inalumikiza Nayuchi ndi Cuamba m'chaka cha 1970. Dzinali ndi la Chipwitikizi, kutanthauza pakati pa nyanja, chifukwa malowa ali pakati pa Chiuta ndi Chilwa. Kumeneko chuma china ndi nsomba. Matemba oyanika pansi amalowa mchenga, ndipo nkhuku ndi agalu sagona nawo tulo. Mayi akaluma mchenga kamodzi, mawa agula kwa wina. Thandala silifuna ndalama: mphanda zinayi, nsungwi, luzi ndi mphasa ya bango. Lifike m'chiuno, kuti mphepo izipita pansi ndi pamwamba pomwe.

Benchi la pa msika limangidwa chimodzimodzi, koma lifoleredwe, pakuti dzuwa limafotetsa ndiwo zamasamba msanga. Wauleni mphanda kumunsi musanazike, chiswe chingadye. Kumbuyo kwa benchi ikani thabwa lina lokwererapo, kuti katundu wa m'mbuyo asabisike. Ena amaunjika zonse pamodzi ngati akusamuka, kenaka nkumadandaula kuti malonda sakuyenda!

Zolemera monga mpunga ndi ufa zikhale m'munsi, koma pa thabwa, osati pa dothi pamene pali chinyezi. Sopo ndi parafini akhale kwaokha, kutali ndi ufa, shuga ndi mchere. Ufa ukangomva fungo la parafini, ngakhale muuyanike masiku atatu, nsima yake idzanunkhabe.