Zotsatira zolondola zimayambira pa sampulo yabwino

Tikamva za kuyezetsa matenda, ambirife timaganiza za makina odula ndi akatswiri ovala zoyera. Koma makina amangoyeza chomwe apatsidwa. Sampulo ikatengedwa molakwika kapena ikaonongeka panjira, labotale ikhoza kunena kuti munthu alibe kachirombo, chikhalirecho ali nako. Nthawi ya mliri, munthu woteroyo amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, n'kukapatsira anzake.

Mukukumbukira nkhani ya poliyo ija? Mu November 2021, mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe adapuwala mwadzidzidzi. Achipatala adatenga chimbudzi chake n'kuchitumiza kulabotale ya NICD ku South Africa, kenako ku CDC ku America. Pa 17 February 2022, boma lidalengeza kuti poliyo, yemwe adapezeka komaliza m'dziko muno mu 1992, wabweranso. Akatswiri adapezanso kuti kachiromboko n'kofanana ndi komwe kamafala ku Pakistan. Posakhalitsa katemera wa ana osakwana zaka zisanu adayamba khomo ndi khomo.

Zonsezi zidatheka chifukwa sampulo idafika ili bwino. Poyeza poliyo pamafunika chimbudzi chotengedwa kawiri, motalikirana ndi maola osachepera 24, pasanathe masiku 14 chipuwalireni mwanayo. Izi zili choncho chifukwa kachiromboka sikatuluka mofanana tsiku lililonse, ndipo kamacheperachepera masiku akamapita. Paulendo wonse sampuloyo iyenera kukhala m'bokosi lozizira, apo ayi kutentha kumapha kachiromboko kasanafike n'komwe.

Mliri uliwonse uli ndi katengedwe kake. Pa Covid-19, kamtengo ka thonje kaja kamayenera kulowa mkati mwenimweni mwa mphuno mpaka misozi kulengeza, chifukwa ndi komwe kachirombo kamachuluka. Pa mpox, sampulo yodalirika imachokera pa zotupa zapakhungu, osati m'magazi.

Ndiye inu mbali yanu ndi iti? Pitani kuchipatala msanga, osadikira kuti mankhwala apagolosale akanike kaye. Nenani tsiku lenileni lomwe zizindikiro zidayamba. Onetsetsani kuti dzina ndi nambala yanu ya foni zalembedwa bwino, chifukwa sampulo yosokonekera dzina imakanidwa. Akamakutengani sampulo, pirirani, osabweza mutu.

Ndipo zotsatira zikati mulibe koma thupi likukanabe, bwererani mukafunse ngati n'koyenera kuyezanso. Kuyeza kachiwiri si kunyoza adokotala ayi, ngakhale iwowo amadziwa kuti sampulo ina imatha kuphonya.