Mwala Womalizira Ponola Lumo la Ndevu

Lumo lopinda, lija ankametera ndevu malezala otaya asanafale, likabuntha silitayidwa koma limanoledwa, ndipo ntchitoyo imathera pa mwala wosalala kwambiri wokumbidwa pansi. Mwalawu ndi womalizira chabe. Lumo lobunthiratu limayamba ladutsa pa miyala ya kufakitale, wa nambala 1000, kenako 4000 ndi 8000, mpaka mbali ziwiri za chitsulo zitakumana bwinobwino. Zikapanda kukumana, mwala womalizira, kaya ukhale wodula chotani, umangowalitsa lumo lobuntha.

Miyala yotereyi siipezeka paliponse. Ku Belgium, m'mapiri a Ardennes kufupi ndi Vielsalm, amakumba mwala wachikasu wotchedwa coticule. M'kati mwake muli timiyala tolimba ta garnet, tating'ono kwambiri moti sitioneka ndi maso. Popeza n'tobulungira, timadya chitsulo osasiya mizere yozama, n'chifukwa chake lumo lonoledwa pamenepo limameta mosapweteka khungu. Ku Thuringia m'dziko la Germany kunkachokera miyala yotuwa yomwe kampani ya Escher inaitchukitsa. Ku Japan miyala yabwino inkakumbidwa m'mapiri ozungulira Kyoto, monga ku Nakayama, koma migodi yambiri inatsekedwa ndipo mitengo yake inakwera. Mwala wa ku Arkansas ku America ndi wolimba zedi, umadya pang'onopang'ono, ndipo ambiri amauthira mafuta m'malo mwa madzi.

Ponola, choyamba n'kuona ngati mwala uli wathyathyathya. Wonola amaulemba mizere ya pensulo n'kuukwecha pa chitsulo chokutidwa ndi dayamondi mpaka mizere yonse itafufutika. Pamene pensulo yatsalira ndiye kuti pali chidikha. Kenako amathira madzi n'kupekesa kamwala kena pamwamba mpaka madziwo atayera ngati mkaka. Ku Japan kamwalaka amakatcha nagura.

Lumo limagonekedwa lonse, msana ndi kuthwa komwe zonse zikhudze mwala. Msana ndi umene umasunga kupendekeka koyenera, choncho ukangonyamuka pang'ono ntchito yaonongeka. Limakankhidwa kuthwa kuli patsogolo, mopingasa pang'ono kuti lidutse lonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Likafika kumapeto limatembenuzidwa pa msana, osati pa kuthwa, n'kubwerera.

Luso lenileni lili pa madzi oyera aja. Akakhala okhathamira amadya chitsulo msanga, ndipo amayamba kuda chifukwa cha fumbi la chitsulocho, koma amagundanso kuthwa n'kukubunthitsa pang'ono. Choncho wonola amathira dontho limodzi kapena awiri a madzi pakapita kanthawi, madzi oyerawo n'kumasungunuka mpaka atatsala madzi okhaokha. Dzanja nalo limapepuka motsatira, moti chakumapeto lumo limayenda ndi kulemera kwake kokha. Ambiri ongoyamba kumene amalakwitsa pamenepa chifukwa chopupuluma: amakanikiza, chitsulo chopyapyalacho n'kupindika, kuthwa osakhudzanso mwala. Miyala yachilengedwe ilibenso nambala, ndipo iwiri yochokera mu mgodi umodzi itha kusiyana, kotero wonola amayenera kuuzolowera wakewo.

Likachoka pa mwala, lumo limapukutidwa liume n'kulikoka pa lamba wachikopa, ulendo uno msana uli patsogolo kuti lisadule lambayo. Ena amaliyesa ndi tsitsi limodzi lopanidwa ndi zala: likaduka pongolikhudza, lumo lathwa. Komabe tsitsi la anthu limasiyana, ndiye muyeso wodalirika ndi kumeta ndevu zenizeni zofewetsedwa ndi madzi ofunda ndi sopo. Lumo likamakoka kapena kusiya khungu likuwawa, limabwereranso pa mwala.